IBN AL-NAFIS: SING'ANGA AMENE ADATSATA NJIRA YA MAGAZI MU MTIMA



Tsiku la Idi ya nsembe tonse timalidziwa m'mene limayendera. Tikangochoka ku swala mipeni yatuluka, mbuzi yazingidwa, achinyamata ali kalikiliki kusenda, amayi akudikira ndi mabeseni, ana nawo aunjikana kuti aone zam'kati. Tsono chaka chino tili ndi pempho laling'ono. Amene atumbule mbuziyo asafulumire kuduladula mtima kuti ulowe mumphika. Autenge, autsuke, kenaka audule pakati mopingasa ndi mpeni wakuthwa, ana akuona. Muona zipinda ziwiri zikuluzikulu. Chakumanja chili ndi mnofu wopyapyala, chakumanzere chili ndi mnofu wochindikala zedi, ndipo pakati pa ziwirizi pali khoma. Khoma limenelo mulipenyetsetse, mulikande ndi chikhadabo ngati mufuna, mufunefune pamene pali bowo. Simulipeza. Mtima wa munthu udapangidwanso chomwecho.

Mwina wina aseka kuti nanga chachilendo nchiyani pamenepa. Chachilendo ndi ichi: kwa zaka zoposa 1,000, asing'anga ophunzira kwambiri, a ku Ulaya ndi a m'maiko a Chisilamu omwe, ankaphunzitsa kuti khoma limeneli lili ndi timabowo ndipo magazi amadutsa m'menemo. Munthu woyamba kulemba poyera kuti zimenezi sizoona, nalongosola njira yeniyeni imene magazi amadzera, ndiye amene tamusankha kuti timukumbukire m'kabuku kathu kano. Dzina lake ndi Ibn al-Nafis, Allah amuchitire chifundo.

Ku Damascus

Dzina lake lonse ndi lalitali monga ankakhalira maina a Aluya akale: Ala al-Din Abu al-Hasan Ali ibn Abi al-Hazm al-Qarshi. Adabadwira m'dera la Damascus, ku Syria, pakati pa 1210 ndi 1213. Adaphunzira malamulo a chiyankhulo cha Chiarabu, hadisi, ndi fiqhi ya Imam Shafi'i, yomweyi imene idadzafika kuno kwathu kuchokera ku gombe la nyanja ya mchere pamodzi ndi amalonda a m'zaka za m'ma 1800. Pamwamba pa zonsezi adaphunzira zachipatala.

Malo amene adaphunzirako ntchitoyi ndi oyenera kuwatchula. Mu 1154, mfumu Nur al-Din Zangi idamanga chipatala chachikulu mu Damascus, chimene anthu ankachitcha Bimaristan al-Nuri. Bimaristan ndi liwu la Chiperezi, kutanthauza malo a odwala. Chipatalachi chinkayendetsedwa ndi chuma cha wakfu, choncho wodwala sankafunsidwa ndalama. M'mawa sing'anga wamkulu ankayendera odwala pamodzi ndi omuthandiza, kufunsa m'mene agonera ndi kulemba mankhwala ndi zakudya za aliyense. Akatha ankakhala pansi, mabuku atatsegulidwa, ophunzira atamuzungulira. Ndi kayendetsedwe komweka kamene timakaona lero ku Queens kapena ku Central, dokotala ali patsogolo ophunzira ali pambuyo. Nyumbayo idakalipo mu Damascus, koma tsopano ndi malo osungiramo zinthu zakale za ntchito ya chipatala.

Mphunzitsi wake adali Muhadhdhab al-Din al-Dakhwar, amene adali mkulu wa asing'anga a ku Syria ndi Egypt. Mkuluyu atayandikira imfa adapereka nyumba yake kuti isanduke sukulu yophunzitsa zachipatala, ndipo adamwalira mu 1230. Tikumbukire nkhani ya nyumbayi, chifukwa wophunzira adadzachita monga mphunzitsi wake.

M'kalasi yomweyo mudali mnyamata wina, Ibn Abi Usaybi'a, amene adadzalemba buku lalikulu la mbiri za asing'anga oposa 400. Chodabwitsa nchakuti m'makope odziwika a bukuli dzina la mnzake Ibn al-Nafis mulibe. Ena mwa olemba mbiri amaloza nsanje. Ife sitidabwa kwenikweni, pakuti ngakhale kwathu kuno munthu amene mudakhala naye pa mkeka umodzi ku madrasa ndi amene amavuta kumuyamikira.

Ku Cairo

Cha m'ma 1236, mu ulamuliro wa Sultan al-Kamil, Ibn al-Nafis adasamukira ku Egypt ndipo adakhala kumeneko moyo wake wonse. Adagwira ntchito pa chipatala cha al-Nasiri, chimene adakhazikitsa Salah al-Din, mpaka adadzakhala mkulu wa asing'anga a dzikolo. Akachoka kwa odwala ankapita ku madrasa ya al-Masruriyya kukaphunzitsa fiqhi, ndipo Taj al-Din al-Subki adalemba dzina lake m'buku la mbiri za maulama a Chishafi'i. Ndiye kuti m'mawa dokotala, masana shehe, munthu mmodzi yemweyo.

Nthawiyo sidali ya mtendere. Mu 1250 asilikali otchedwa Mamluk adalanda ufumu wa Egypt. Mu 1258 a Mongol adagwetsa Baghdad, napha khalifa, nawononga nyumba za mabuku. Mu 1260 adalowa mu Damascus momwe, kwawo kwa mkuluyu, ndipo chaka chomwecho adagonjetsedwa pa nkhondo ya Ayn Jalut. Anthu ophunzira ambiri adathawira ku Cairo. M'zaka zonsezi iye adali kulemba.

Zimene mabuku akale ankanena

Kuti timvetse chimene adachita, tiyambe taona chimene adapeza. Sing'anga amene mawu ake sankatsutsidwa nthawi imeneyo adali Mgiriki wina, Galen, amene Aluya amamutcha Jalinus. Adabadwa mu 129 ku Pergamon, m'dziko limene lero ndi Turkey, ndipo adadzakhala sing'anga wa mafumu a ku Rome. Adali munthu wanzeru ndithu, tisamunyoze. Adatumbula anyani, nkhumba ndi nyama zina zambiri pofuna kudziwa za m'thupi. Mabuku ake adamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad ndi Hunayn ibn Ishaq ndi anzake m'zaka za m'ma 800.

Galen ankaphunzitsa motere. Chakudya chikagayika chimapita ku chiwindi, chiwindi chimachisandutsa magazi, magaziwo amayenda m'mitsempha kupita ku ziwalo ndipo amathera komweko, monga madzi a mu ngalande amathera m'munda wa mpunga. Ena mwa magaziwo amafika ku chipinda chakumanja cha mtima. Pamenepo pang'ono chabe amapita ku mapapo kukangowadyetsa, ndipo ena amadontha kudzera m'timabowo ta pa khoma lija kulowa ku chipinda chakumanzere, kumene amakumana ndi mpweya wochokera ku mapapo. Nanga timabowoto tili pati? Yankho lidali lakuti ndi tating'ono kwambiri koti diso silingatione. Yankho lotere ndi lovuta kulitsutsa, chifukwa ukanena kuti sukuona kanthu amakuuza kuti eya, ndi zomwe tikunenazo.

Ibn Sina, amene adabadwa mu 980 pafupi ndi Bukhara namwalira mu 1037, adalemba buku lotchuka la al-Qanun fi al-Tibb, limene lidaphunzitsidwa m'sukulu za chipatala kwa zaka mazanamazana, mpaka ku Ulaya. Pa nkhani ya mtima iye adaonjezeranso maganizo a Aristotle akuti pali zipinda zitatu zikuluzikulu, chachitatucho chili pakati. Choncho wophunzira aliyense wa ku Damascus kapena ku Cairo ankaloweza zimenezi, ndipo wofuna kutsutsa ankayenera kutsutsa Jalinus ndi Ibn Sina pamodzi.

Buku la 1242

Ibn Sina adamwaza nkhani za kapangidwe ka thupi m'malo osiyanasiyana a buku lake. Ibn al-Nafis adazitolera pamodzi nazilembera ndemanga, ndipo bukulo limatchedwa Sharh Tashrih al-Qanun. Kope lakale kwambiri limene lidapezeka lili ndi chaka cha 640 cha Hijra, ndiye 1242, pamene mwini wake adali ndi zaka pafupifupi 30 basi.

Atafika pa mtima adalemba mosapita m'mbali. Adati khoma la pakati pa zipinda ziwiri ndi lolimba ndi lochindikala, lilibe bowo looneka monga ankaganizira ena, lilibenso bowo losaoneka monga ankaganizira Jalinus. Tsono ngati khomalo ndi lotseka, magazi a kumanja amafika bwanji kumanzere? Iye adati amatuluka mu mtima kudzera mu mtsempha waukulu wopita ku mapapo, amamwazika m'mapapomo, amasakanikirana ndi mpweya, kenaka amabwerera kudzera mu mtsempha wina kulowa mbali yakumanzere ya mtima. Mfundoyi adaibwereza kangapo m'bukumo, kusonyeza kuti ankadziwa kulemera kwake. Amene mwatumbula mbuzi mungathe kuona nokha m'mene mtima ndi mapapo zimatulukira zitagwirana, mitsempha ikuluikulu italumikiza ziwirizi. Imeneyo ndiyo njirayo.

Sadalekere pomwepo. Adati payenera kukhala tinjira ting'onoting'ono m'kati mwa mapapo tolumikiza mtsempha wobweretsa magazi ndi mtsempha wowachotsa. Sadatione, pakuti makina oonera tinthu tating'ono kudalibe, koma adazindikira kuti popanda ito ulendowo sungatheke. Adakananso zoti mtima uli ndi zipinda zikuluzikulu zitatu, nati ndi ziwiri zokha. Ndipo pamene Ibn Sina adati mtima umadya magazi amene ali m'chipinda chakumanja, iye adati ayi, mnofu wa mtima umadyetsedwa ndi mitsempha yakeyake imene imayenda m'thupi la mtimawo. Mitsemphayi mungathe kuiona itayala pamwamba pa mtima wa mbuzi ngati mizu. Ndi yomweyi imene ikatsekeka munthu amagwira pachifuwa nkugwa mwadzidzidzi, ndipo ndi imene madokotala a mtima a masiku ano amathera nthawi yawo yambiri akuitsegula.

Pano tinene zoona zokhazokha, chifukwa pali ena amakonda kukokomeza za akuluakulu athu mpaka kuwanamizira. Ibn al-Nafis sadalongosole ulendo wonse wa magazi m'thupi. Iye adakhulupirirabe kuti magazi amapangidwa ku chiwindi, ndipo sadanene kuti magazi amene apita ku miyendo ndi ku mutu amabwereranso ku mtima mozungulirazungulira. Sadadziwenso za okosijeni, amene adadzadziwika m'zaka za m'ma 1770. Iye ankati magazi akasakanikirana ndi mpweya amakhala oyenera kupanga mzimu wa moyo umene mtima umatumiza m'thupi, monga ankayankhulira asing'anga a nthawi yake. Chimene adapeza ndi ulendo wa kuchoka ku mtima, kudzera ku mapapo, kubwerera ku mtima. Chimenecho chokha nchokwanira, sichifuna kuthira mchere wina.

Kodi adadziwa bwanji?

Funso ili lavutitsa anthu ophunzira. M'mawu oyamba a bukulo iye mwini adafotokoza kuti Shariya ndiponso chifundo cha mumtima mwake zidamuletsa kutumbula mitembo, kotero pa maonekedwe a ziwalo zam'kati adzadalira amene adamutsogolera, makamaka Jalinus. Koma adaonjeza kuti pa nkhani ya ntchito ya chiwalo chilichonse adzatsata kafukufuku wake ndi kulingalira kwake, kaya zigwirizane ndi akale kaya zisagwirizane. Komabe m'malo ena m'buku lomwelo, potsutsa akalewo, amanena kuti kutumbula kumaonetsa kuti adalakwa. Choncho ena amati adangolingalira, ena amati adaona ndi maso.

Ife maganizo athu ndi akuti munthu wokhala mu mzinda wodzaza ndi ogulitsa nyama ngati Cairo, munthu amene chaka ndi chaka ankaona Idi ya nsembe monga ife, sakadasowa mtima wa nkhosa woti aupenye. Palinso kabuku kena kamene adalemba pakati pa 1268 ndi 1277, al-Risala al-Kamiliyya. Ndi nthano ya munthu wotchedwa Kamil amene adakulira yekha pa chilumba popanda mphunzitsi, ndipo mwa kulingalira adafika pozindikira Mlengi ndi kufunika kwa atumiki. M'nthanoyo Kamil amayamba kuphunzira mwa kung'amba mimba za nyama ndi kuyang'ana ntchito ya chiwalo chilichonse. Wolemba zotere ayenera kuti mpeni ankaudziwa.

Khalidwe lake

Olemba mbiri amene adabwera pambuyo pake, monga al-Safadi, adasunga tinkhani tingapo timene timatithandiza kumuona munthuyo. Amati akafuna kulemba ankamusongolera mabango ambiri olembera nkuwaika pambali pake, iye nkutembenukira ku khoma, nkuyamba kulemba zochokera m'mutu osatsegula buku. Bango likabuntha ankangoliponya nkutola lina, kuti asataye nthawi ndi kusongola. Amatinso tsiku lina ali m'nyumba yosambiramo anthu ambiri, adatuluka kusamba kusadathe, naitanitsa pepala ndi inki, nalemba nkhani yonse ya kugunda kwa mitsempha, kenaka nkubwerera kukamaliza kusamba.

Kalembedwe kotere kadabala mabuku ambiri. Lalikulu kwambiri ndi al-Shamil fi al-Tibb, limene adakonza kuti likhale la zigawo 300, koma adakwanitsa kulemba bwinobwino 80. Zina mwa zigawozi, zolembedwa ndi dzanja lake, zikusungidwa ku yunivesite ya Stanford ku America. Adalemba buku la matenda a maso lotchedwa al-Muhadhdhab fi al-Kuhl, ndemanga pa zolemba za Hippocrates, ndiponso kabuku ka maziko a maphunziro a hadisi. Koma buku limene lidatchuka ndi dzina lake kuposa onse ndi al-Mujaz, chidule cha buku la Ibn Sina. Limeneli lidakopedwa ndi kuphunzitsidwa kwa zaka mazana, lidamasuliridwa m'Chituruki ndi m'Chiheberi, ndipo mu 1828 lidasindikizidwa ku Calcutta m'dziko la India. Taonani m'mene zimakhalira: chidule chosavuta kuloweza chidayenda dziko lonse, pamene masamba amene mudali chinthu chatsopano adatsala pa shelefu.

Pa kuchiza, amati sankathamangira mankhwala. Ngati chakudya chikadatha kuthandiza ankalamula chakudya, ndipo ngati pafunika mankhwala ankayamba ndi a mtundu umodzi asadafike pa osakaniza. Pali nkhani yakuti wogulitsa mankhwala wina amene mkuluyu ankakhala pa sitolo yake poona odwala adatopa nazo, namuuza kuti ngati akufuna kumangolembera anthu zakudya, kuli bwino akakhale kwa ogulitsa nyama. Ena a nthawi yake ankanenanso kuti nzeru zake za m'mabuku zidaposa luso lake pa mphasa ya wodwala. Timalemba izinso kuti tisamusandutse mngelo.

Sadakwatire. Adali ndi chuma, adamanga nyumba yabwino mu Cairo yoyalidwa miyala ya mabo, ndipo pakhomo pake pankasonkhana akalonga, asing'anga ndi ophunzira. Mbiri imatinso adali sing'anga wa Sultan Baybars, amene adalamulira kuyambira 1260 mpaka 1277.

Mu 1284 Sultan Qalawun adamanga chipatala chachikulu cha al-Mansuri mu Cairo. Amati mfumuyi idachiritsidwapo pa chipatala cha al-Nuri ku Damascus isadalowe ufumu, ndipo idalonjeza kuti idzamanga chofanana nacho. Ibn al-Nafis, tsopano ali nkhalamba, adapereka nyumba yake, chuma chake ndi mabuku ake onse kuti zikhale wakfu ya chipatala chatsopanochi, monga adachitira al-Dakhwar uja.

Atadwala matenda ake omaliza, anzake ena achipatala adamulangiza kuti amweko vinyo pang'ono, poganiza kuti amuthandiza. Iye adakana, nati safuna kukakumana ndi Mbuye wake m'mimba mwake muli chakumwa chimenecho. Adamwalira Lachisanu pa 21 Dhul Qa'da 687, ndiye pa 17 December 1288, kutatsala masabata osakwana atatu kuti ifike Idi ngati inoyi.

Zaka 682

Masamba aja a mtima sadaiwalike kotheratu. Asing'anga ena a m'zaka za m'ma 1300, monga Sadid al-Din al-Kazaruni, adawakopera m'mabuku awo. Koma sukulu zidapitiriza kuphunzitsa za timabowo ta Jalinus ngati kuti palibe chidachitika.

Ku Ulaya nkhaniyi idatulukira patapita zaka zoposa 300. Mu 1553 Michael Servetus wa ku Spain adalongosola ulendo womwewu wa magazi kudzera ku mapapo, m'buku limene kwenikweni lidali la zachipembedzo. Chaka chomwecho adamutentha ku Geneva chifukwa cha ziphunzitso zake za chipembedzozo, ndipo makope ambiri a bukulo adapsa. Mu 1559 Realdo Colombo, amene adaphunzitsapo ku Padua m'dziko la Italy, adalembanso chimodzimodzi. Kodi amenewa adamva za Ibn al-Nafis? Chodziwika nchakuti Mtaliyana wina, Andrea Alpago, adakhala ku Damascus zaka pafupifupi 30 akumasulira mabuku a Chiarabu, ndipo gawo lina la zolemba za Ibn al-Nafis, lonena za mankhwala osakaniza, lidasindikizidwa m'Chilatini ku Venice mu 1547. Gawo la mtima silidali m'menemo, nchifukwa chake anthu ophunzira amatsutsanabe, ena akuti nkhaniyo idaoloka nyanja pakamwa, ena akuti a ku Ulaya adaipeza paokha. Mulimonsemo, woyamba ndi woyamba.

Mu 1628 William Harvey wa ku England, amenenso adaphunzira ku Padua, adasindikiza buku losonyeza kuti magazi amazungulira thupi lonse, mtima ukuwapopa. Mu 1661 Marcello Malpighi wa ku Bologna adayang'ana mapapo a chule pa makina okuzira zinthu, naona timitsempha ting'onoting'ono tija timene Ibn al-Nafis adati tiyenera kukhalapo. Padali patapita zaka 419.

Dzina la mkuluyu lidabwerera mwa njira yosayembekezeka. Mnyamata wina wa ku Egypt, Muhyi al-Din al-Tatawi, ankaphunzira udokotala ku Germany, ndipo pofufuza mabuku akale a Chiarabu mu laibulale yaikulu ya ku Berlin adapeza kope la Sharh Tashrih al-Qanun. Atawerenga za mtima adazindikira chimene wagwira m'manja. Adalemba za nkhaniyi pomaliza maphunziro ake ku yunivesite ya Freiburg mu 1924, patatha zaka 682 chilembedwere bukulo. Aphunzitsi ake sankadziwa Chiarabu, choncho nkhaniyo idatumizidwa kwa Max Meyerhof, dokotala wa maso wa ku Germany amene ankakhala ku Cairo. Meyerhof adafufuza makope ena, natsimikiza, nafalitsa zimenezi mu 1933 ndi 1935. Mu 1936 madokotala awiri a ku Beirut, Sami Haddad ndi Amin Khairallah, adazilembanso m'Chingerezi. Kuyambira pamenepo mabuku a mbiri ya zachipatala adayamba kukonzedwa.

Kodi zikutikhudza bwanji ife a ku Golomoti?

Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo munthu atangokhala phee umapopa malita pafupifupi 5 a magazi pa mphindi imodzi, chigubu chathunthu cha mafuta ophikira. Magazi onsewo amadzera ku mapapo, palibe njira yachidule. Nchifukwa chake amene adakwerapo Khwekhwelere pansi kapena pa njinga amadziwa kuti befu ndi kugunda kwa mtima zimabwerera limodzi.

Dokotala akamayeza wodwala mtima amaganiza motsata njira yomweyi. Mbali yakumanzere ikafooka, magazi ochokera ku mapapo amasowa kolowera, amadzazana m'mapapomo, ndipo munthu amabanika, amatsokomola usiku, amalephera kugona chagada mpaka atatsamira mapilo. Mbali yakumanja ikafooka, magazi ochokera m'thupi ndi amene amaima, ndipo mapazi ndi miyendo zimatupa. Kangati tamva anthu akunena kuti wakuti wapondera mankhwala chifukwa miyendo yatupa, pamene vuto lili pachifuwa?

Chimene chimafooketsa mtima mwa akuluakulu ambiri kuno ndi kuthamanga kwa magazi, BP ija. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri a iwo sankadziwa. Mwa ana, mdani wamkulu ndi zilonda zapakhosi zimene timazipeputsa. Zina mwa izo zikapanda kuchizidwa zimadzaononga tizitseko ta m'kati mwa mtima, makamaka kamene kali pa njira ya magazi ochokera ku mapapo, ndipo mwanayo amadzayamba kubanika ali wachinyamata. Kuyeza BP sikutenga mphindi zisanu, ndipo kumachitika ku chipatala chaching'ono chilichonse, ku Mua, ndi ku Dedza.

Bowo lija ankalifuna Jalinus limapezekadi nthawi zina, koma likapezeka ndiye matenda. Pali ana amene amabadwa khoma la mtima lisadatsekeke bwino, magazi nkumadutsa chidule, ndipo mwana wotere amatopa poyamwa, sakula msanga, chifuwa sichimutha. Kuti atseke bowo lotere madokotala kawirikawiri amayenera kuimitsa mtima, ndipo pa nthawiyo makina ndi amene amalandira magazi, kuwapatsa mpweya ndi kuwabwezera m'thupi. Makinawa, amene John Gibbon wa ku America adawagwiritsa ntchito bwino koyamba pa munthu mu 1953, amangotsanzira ulendo umene udalembedwa mu 1242. Popanda iwo Christiaan Barnard sakadatha kuika mtima wa munthu wina mwa wodwala ku Groote Schuur, mu Cape Town, pa 3 December 1967.

Sukulu ya udokotala ya dziko lathu idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ophunzira kumeneko amajambula mtima ndi mivi yochoka kumanja, kukwera ku mapapo, kutsikira kumanzere, monga amajambuliranso ana athu ku sekondale. Makolo athu ambiri adaopa kutumiza ana ku sukulu m'nthawi ya atsamunda poopa kuti akataya dini, ndipo mantha awo adali ndi zifukwa zake, koma adatisiyira kuchepa kwa madokotala ndi anamwino ochokera m'makomo mwathu. Mwana amene akuloweza juzu madzulo ano angathenso kuloweza mitsempha, pakuti mwini nkhani yathuyi adachita zonse ziwiri.

Ana athu amene amapita kukaphunzira ku al-Azhar angathe kukaona pamene mabuku ake adakathera. Kuchoka pa mzikiti wa al-Azhar ndi ulendo waufupi wapansi kukafika pa msewu wa al-Mu'izz, pamene pali madrasa ndi manda a Sultan Qalawun. Kuseri kwake kudatsala zigawo zochepa za chipatala cha al-Mansuri, ndipo pa malo omwewo padamangidwa chipatala cha maso chimene chimatchedwa ndi dzina la Qalawun.

Eid Mubarak kwa nonse.